Ntchentche za mu Januwale

Ndinayamba kutiona m'chipinda chochapira,
pansi pa nyumba ya okalamba ku Anlaby Road,
ndikupinda nsalu zogonera zoyera mbee.
Kantchentche kanatera pansalupo.
Ndinakamenya. Kanasuntha.
Ndinakamenyanso, Doreen n'kuseka:
Ndaziona, ntchentche mu Januwale, ku Hull kuno?

Sikanali kokha.
Panali kaulusi kopindika ngati mbedza,
kambululu kokoka mchira wake,
ndi kena konga tsitsi logwera mu tiyi.
Ndikayang'ana kumanja, tonse kumanja,
mochedwa pang'ono, ngati ana otumidwa asakufuna.
Ndikati ndiyang'anitsitse kamodzi, kathawa.
Magalasi ndinapukuta mpaka dzanja kuwawa.
Mchemwali wanga ku Ntcheu anati pa foni,
wina wakuponyera ameneyo, nsanje ya mapaundi.

Mnyamata woyeza maso, dzina lake Imran,
anandiunika nthawi yaitali, mpweya wake ukununkha khofi.
Anati m'diso muli madzi ogwirana ngati choyera cha dzira.
Zaka zikamapita amasungunuka, n'kusiya tizinyenyeswa,
ndipo mukuonazo ndi mithunzi yake chabe.
Pa msinkhu wanu, mayi, si zachilendo.
Kenaka anasiya kumwetulira.
Koma tikadzachuluka mwadzidzidzi,
mukadzaona kung'anima kumene anzanu sakuona,
kapena mdima ukulowa cham'mbali ngati katani,
musadikire kuti kuche.
Musadikire kuti shifiti ithe.

Basi tinayamba kukhalira limodzi,
alendo osalipira lendi.
Thambo la kuno ndi loyererako tsiku lonse,
bwalo lawo labwino losewerera.
M'basi ya m'mawa tinkasambira pawindo,
kutchalitchi tinkadutsa pakati pa mavesi,
pa fomu ya viza tinkakhala pomwe ndikufuna kusaina.
Masiku ena ndinkaiwala kuti tilipo,
monga umaiwalira phokoso la firiji.

Zaka ziwiri.
Ndiye unafika usiku uja wa mu Novembala
umene anthu akuno amaphulitsa makombola
mpaka agalu kubisala pansi pa bedi.
Ng'ani! cha kumanzere.
Ndinati ndi ana a pakhomo loyandikana.
Ndinatseka makatani. Ng'ani!
Ndinazimitsa getsi, n'kutsinzina. Ng'ani!
Makombola anji olowa m'diso lotseka?
Nditayatsanso, khoma lonse linali mwaye,
ngati wina wakutumula thumba la makala m'diso langa.

Mtima unati mawa uli ndi maola khumi ndi awiri,
ndalama ya sukulu ya Lonjezo ikudikira,
gona, zitha zokha.
Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, sokosi imodzi kuphazi.
Mawu a Imran anabwera osagogoda.
Ndinaimba wani wani wani.

Kuchipatala anandidonthezera mankhwala oluma,
mwana wa diso anakula, magetsi onse n'kusanduka maluwa.
Dokotala wamkazi, wa manja ozizira, anati
kansalu ka kumbuyo kwa diso kang'ambika pang'ono,
mwachita bwino kubwera kasanayambe kumatuka.
Anakasoka ndi kuwala, popanda singano,
ine wosoka mabatani a nkhalamba makumi atatu
ndili duu, chibwano pachitsulo, misozi ili chuchuchu.
Doreen anabwera kudzanditenga atavala jekete pamwamba pa zogonera.

Mwaye uja unapita pang'onopang'ono.
Akale aja alipobe.
Lero m'mawa, ndikupinda nsalu ya chipinda chachisanu,
kambedza kadutsa, kambululu kali pambuyo.
Ndatiwerenga monga mayi awerengera ana pokwera basi:
kamodzi, tiwiri, titatu, tinayi.
Palibe mlendo.
Ndatseka diso lamanja, kenaka lamanzere,
kuyang'ana m'makona ngati muli katani.
Mulibe.
Doreen akukuwa kuti makina achiwiri ayima,
ndipo nsalu zonyowa sizidzitulutsa zokha.